Kanjere ka M'khosi mwa Amalume

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Kuno tadzuka. Mlamu wanu ali bwino. Ine ndili bwino thupi lokha, ulemu ndiye ndinausiya kuntchito dzana.

Tangoganizani. Lachinayi masana, nthawi yopuma, adokotala aakulu a chigawo chathu analowa m'chipinda changa cha sikani, ophunzira asanu ali pambuyo, kudzawaonetsa mmene katswiri amagwirira ntchito. Katswiriyo anam'peza ali chagada pabedi la odwala, mabatani a malaya atamasula, khosi lili noninoni ndi jelo. Pampando wa katswiri panali amalume anu, magalasi ali pansonga ya mphuno, tepi ya utelala ili m'khosi, akuyendetsa makina a chipatala pakhosi panga ngati akusita kolala. Iwo osadzidzimuka n'komwe. Anangowauza adokotalawo kuti ayambe adikira panja, ali ndi wodwala. Ophunzira aja akakumana nane m'khonde amayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

Ndikudziwa mwayamba kale kuseka, sekani. Koma werengani mpaka kumapeto, chifukwa amalume akunyamuka lero ndipo ndikufuna nkhaniyi muimve kwa ine iwo asanafike. Ndikamaliza kulemba ndijambula mapepalawa ndi foni n'kukutumizirani. Panopa ali m'chipinda akulongedza. Ayamba m'mamawa, ndipo chikwama chake n'chimodzi.

Munawatumiza kuno ndinu, musakane. Paja dzanja lawo lamanja linachita dzanzi tsiku lija, pakamwa n'kupotoka kwa kanthawi, ndiye munati apite kwa mphwawo wa makina akawaunike. Munati masiku atatu. Lero yakwana sabata yachisanu ndi chimodzi. Amene ananena kuti mlendo ndi mame sanawaonepo amalume athu.

Nthawi zonse mumandifunsa kuti kodi zaka zonse zija za ku koleji ndinkaphunzira kudzoza anthu mafuta. Lero ndikufotokozereni. Ine ndimaunika mitsempha ya magazi. M'khosi muli ikuluikulu iwiri, wina kumanja wina kumanzere, yopititsa magazi ku ubongo. Munthu akachita ngati mmene anachitira amalume, timayendetsa kamutu ka makina pakhosi n'kuona pa sikirini ngati mafuta aunjikana m'mitsemphamo n'kuchepetsa njira. Vuto ndi loti pafupi pomwepo pali chithokomiro, kachiwalo kokhala ngati gulugufe kutsogolo kwa khosi. Sitikhala titachifuna, koma ukamajambula nyumba ya munthu, khonde la woyandikana naye limalowa lokha m'chithunzi. Ndiye pafupifupi tsiku lililonse timaona tinjere m'chithokomiro cha anthu amene anabwerera zina. Tambiri timakhala topanda vuto lililonse, munthu amakalamba nato osadziwa.

Pantchito yathu pali malamulo awiri amene ine ndemwe ndimaphunzitsa ophunzira, chala chili m'mwamba. Loyamba, usaunike m'bale wako. Lachiwiri, chilichonse waona, yeza, jambula, lemba, koma nkhope ikhale ngati khoma. Wouza wodwala ndi dokotala, osati iwe. Tsiku la amalume mnzanga amene akanawaunika anali patchuthi, ndipo ndinati aa, n'kanthu kakang'ono, ndiwaunika ndekha. Lamulo loyamba linathera pomwepo.

Mtsempha wakumanzere ndinaupeza uli ndi mafuta, njira yachepa ndithu, ngakhale sinafike poti n'kuchita opaleshoni. Pamenepo nkhope yanga inali khoma lenileni, chifukwa ndinkayembekezera zimenezo. Ndikutembenuza kamutu ka makina, chithokomiro chinatulukira, m'kati mwake muli kanjere. Achemwali, pakamwa panga panatuluka kakuti aa. Kamodzi kokha, kotsitsa. Kenako ndinaimitsa chithunzi, n'kukayeza, n'kukayezanso.

Mwaiwala kuti munthu ameneyu wasoka zovala zaka makumi anayi? Ali chigonere anandifunsa kuti ndayezeranji kawiri. Ndinati ndi mmene timachitira. Amvekere ayi mphwanga, telala akayeza kawiri ndiye kuti nsalu yaperewera.

Adokotala aakulu aja ife timawatcha Mayi Milimita, chifukwa ukawauza kuti chinthu n'chaching'ono amakufunsa kuti chaching'ono bwanji. Anachita zonse moyenera. Anaitanitsa sikani ina ya chithokomiro chokha, wounika wake wina, osati ine. Anayezetsa magazi, n'kupezeka kuti chithokomiro chikugwira ntchito bwinobwino. Kenako anawakhazika amalume pansi n'kuwatembenuzira sikirini. Anawaonetsa kuti kanjereko ndi ka mamilimita 7, kochepa kuposa batani la malaya awo. M'mphepete mwake n'mosalala, m'kati mwake muli timaenje ngati siponji, kagona chopingasa osati choimirira, ndipo mulibe timadontho toyera tonga mchere timene timawadetsa nkhawa madokotala. Anati kotereka sabaya singano, sapereka mankhwala, amangokasiya. Anati atasonkhanitsa anthu khumi a msinkhu wawo, mwina theka angapezeke nato. Kenako anakweza mawu n'kunena kuti nkhani yeniyeni ndi mtsempha uja, ndipo anawalembera mapiritsi a BP, ena ochepetsa mafuta, ena oti magazi asaundane. Anati amwe tsiku lililonse, achepetse mchere, apite kunyumba.

Pa zonsezi amalume anatolapo mawu awiri okha, akuti pitani kunyumba. Ine ndinali nditaiwala, koma inu mukukumbukira kuti malemu azakhali, akazi awo, anauzidwanso chimodzimodzi, ndipo sanathe miyezi itatu. Tikutuluka anandigwira mkono n'kunena kuti amva, ndisavutike kuwanamiza, akhala kuno pafupi ndi chipatala mpaka zitachitika. Anandiletsa kukuuzani. Zija ankakuuzani pafoni kuti akadali kuyezedwa, woyeza wake anali iwo eni.

Mmawa uliwonse, asanasukusule, amaima pagalasi la m'bafa n'kudzizunguliza tepi m'khosi. Akatero amalemba ndi choko kuseri kwa chitseko. Chitsekocho tsopano chikuoneka ngati bolodi la sitandade 4. Tsiku lina mainchi 15 ndi theka, tsiku lina kupitirira pang'ono, kutengera mmene akokera tepiyo. Nambala ikakwera amabwera patebulo ali ndwii. Ikatsika amati chotupa chalowera m'kati, ndiye zoopsa kwambiri. Ndinawauza kuti kanjere ka mamilimita 7 sikangaoneke pa tepi, ngakhale tepi yake itakhala yodalitsidwa. Amvekere iwe unayamba liti kuyeza anthu, ine ndinayeza khosi la bambo ako pa ukwati wawo iwe usanaganiziridwe n'komwe.

Anayambanso kundiperekeza kuntchito. Ine ndikalowa, iwo amakhala pabenchi la odikira, chipewa chili pabondo, n'kumacheza ndi odwala anga. Munthu wabwera ndi mwendo wotupa, akulowa kwa ine akundipempha kuti ndimuonenso pakhosi, akuti akuluakulu ali panjawo anena kuti ndikati aa ndiye kuti zavuta. Mayi wina anandiyang'anitsitsa pakamwa sikani yonse, ine mpaka kuopa kupuma.

Katatu konse anawatsekereza Mayi Milimita m'khonde kuwapempha singano. Akuti iwo singano amaidziwa, sinama, aibaye basi aone chili m'katimo. Mayiwo, mwaulemu wawo wonse, anawafotokozera kuti singano ili ndi malo ake. Kanjere kakakhala kakakulu, kapena kooneka mokayikitsa, amabayadi n'kutengako pang'ono kukapima, ndipo sazengereza. Koma kakang'ono kooneka bwino ngati kawo, kubaya kumangoputa mavuto. Nthawi zina zotsatira zimabwera zosamveka, ndiye ubayenso, kenako munthu wachita mantha, mapeto ake wang'ambidwa pakhosi n'kuchotsedwa chiwalo chimene sichinam'lakwire. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuthokoza, n'kubwera kudzandinong'oneza kuti mayiwa ndi achifundo, sakufuna kuvutitsa munthu wopita kale.

Za kunyumba ndiye musanene. Anabwereka makina osokera kwa mayi woyandikana nafe, akuti asafe manja ali lende. Makatani onse afupika. Mathalauza anga awiri awapinda mpaka akakolo kuonekera, akuti ndimakolopa nawo msewu. Mlamu wanu amawakonda, amangoseka, koma tsiku lina ndinam'peza akubisa madiresi ake m'sutikesi pamwamba pa wadirobu.

Kenako anagula nsalu yoyera n'kuyamba kusoka malaya. Anasoka mosamala kuposa chilichonse ndinawaonapo akusoka, sabata ziwiri zathunthu. Nditafunsa eni ake anati ndi awo, oti tidzawaveke. Kolala anaikulitsa ndi inchi yathunthu, akuti pofika tsikulo chotupa chidzakhala chitakula, ndipo safuna anthu odzaona nkhope adzanene kuti telala wapita ndi kolala yothina. Ndinaseka, achemwali, ndikuvomera. Ndinkaona ngati ndi sewero la nkhalamba, litha lokha.

Lachiwiri lapitali linasiya kukhala sewero. Mlamu wanu anawaona akusokerera batani, singano n'kugwa m'dzanja lamanja lija. Anayesa kuitola, zala osagwira. Anawafunsa kuti amalume zili bwanji, mawu awo n'kutuluka olemera ngati munthu wadzuka kumene. Sizinathe mphindi zitatu, zonse zinabwerera m'malo, iwo n'kumati dzanja linangotopa. Mlamu wanu pofuna kuwathandiza kufuna singano ina anatsegula kachitini kawo ka mabatani. Mapiritsi onse anali mmenemo, a sabata zonsezi, osamwedwa ngakhale limodzi. Mmawa uliwonse ndinkawapatsa m'manja, iwo n'kutembenukira kuzenera ndi kapu ya madzi, ine n'kumathamangira basi.

Tinathamangira nawo kuchipatala. BP inali pamwamba moti namwino nayenso anayeza kawiri. Mnzanga anaunikanso mtsempha uja, mutu anaujambulanso, ndipo mwamwayi panalibe chimene chinaonongeka. Mayi Milimita sanakweze mawu ulendo uno. Anangondiitanira pambali n'kunena kuti kawiri konse magazi agogoda pachitseko n'kubwerera, kachitatu sadzagogoda. Ndiye onani mmene zinalili. Chimene chingawaphe kapena kuwaumitsa ziwalo chili apa, mankhwala ake ali m'chitini cha mabatani. Chimene sichingawachite kanthu ndi chimene achisokera malaya.

Titafika kunyumba ndinawakalipira. Sindinayambe ndakwezapo mawu kwa amalume chibadwire, ndipo ndikulemba pano manyazi akundigwirabe. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati mapiritsiwo ndi ongom'tonthoza munthu, ngati switi ya mwana pa jakisoni, chifukwa palibe ngakhale limodzi la chotupa. Anati mtsempha umene ndikunenawo nditauona sindinanene kanthu, koma chinacho ndinati aa. Akuti pakamwa pa munthu wophunzira pamanama bwino kwambiri, koma kaja kanatuluka kokha, sukulu isanakagwire. Anandifunsa kuti ngati n'kopanda vuto, ndinadzidzimukiranji.

Apa ndiye pali nkhani imene simukuidziwa, ndipo khalani pansi. Sindinadzidzimuke chifukwa kanali koopsa. Ndinadzidzimuka chifukwa kanali kofanana ndi kanga, mbali yomweyo, maonekedwe omwewo, ngati ndakumana ndi m'bale pamsika. Inde, nanenso ndili nako. Ku koleji tinkaphunzira makinawa pounikana tokhatokha, ndipo chaka chachiwiri mnzanga wina anakapeza m'khosi mwanga, nayenso n'kunena aa. Mwezi wathunthu ndinkadya ngati mbalame. Wailesi yanga ndinali nditasankha kale woti adzatenge, ndipo munali inu. Aphunzitsi athu anakaunika bwinobwino, anakaonanso patapita chaka, n'kudzakaonanso, kali chomwecho. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano, mamilimita 11, sikanasunthe. Sindinakuuzeni chifukwa amayi mukuwadziwa. Ndikangotsokomola pafoni amafunsa ngati ayambe ulendo.

Amalume anati ndapeka pompo kuti ndiwanyengerere. Anati iwo sakhulupirira muyeso umene sanayeze okha. N'chifukwa chake dzana ndinagona pabedi lija n'kuwapatsa makina m'manja. Ndinawagwira dzanja n'kuwalondolera mpaka gulugufe anaoneka, kanjere kali pakati. Ndinawaonetsa mabatani oyezera. Anayeza, 11. Anapukuta magalasi, anayezanso, 11. Akuyeza kachitatu ndi pamene chitseko chinatseguka.

Mayi Milimita anawatulutsa ophunzira, n'kutseka chitseko, n'kuima kumbuyo kwa amalume manja ali m'thumba. Anayang'ana sikirini nthawi yaitali. Kenako anawauza kuti agwira bwino, angopendeketsa pang'ono, ndipo anawafunsa kuti monga telala akuona kusiyana kotani ndi kawo. Amalume anati nsalu ndi imodzi, kusoka n'kumodzi, koma ka mwanayu n'kokulirapo saizi. Mayiwo anati basi, lipoti lake ndi limenelo, iwo alibe chowonjezera. Ine anandiuza kuti ndipukute khosi ndikawapeze ku ofesi. Zimene ndinamva kumeneko sindilemba, pepala lingapse. Mwachidule, makina a chipatala si choseweretsa, ndipo mwezi wamawa ndikaima pamaso pa ophunzira onse kukaphunzitsa za malamulo awiri aja, chitsanzo chake ndine.

Ine ndi amalume tinakwera basi kubwerera kunyumba. Titafika anakhala pampando, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba. Amvekere ndiye iwe wayenda nako zaka zisanu ndi zinayi, wakwatira nako, mpaka wamera nako kamimba aka. Ndinati eya. Anaitanitsa madzi ndi chitini cha mabatani, n'kundifunsa kuti a lero ndi ati. Anameza ine ndikuona, n'kutsegula pakamwa kundionetsa lilime ngati mwana wa ku sikelo. Dzulo amwanso, lero amwanso.

Ndinkati zatha. Dzulo akudya anaika supuni pansi n'kunena kuti iwo ndi malume, sangasunge chinthu chotere, mlongo wawo, amayi athu, ayenera kudziwa kuti mwana wake ali ndi chotupa cha mamilimita 11 ndipo wakhala akubisa. Kawo tsopano akukatcha kanjere, kanga ndiye chotupa. Ulendo walerowu wabadwa chomwecho. Sabata zisanu ndi imodzi ndakhala ndikupemphera kuti anyamuke, ndipo akunyamuka atasenza moto wokayatsa kwathu.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali, ndipo si la amayi. Amayi muwawerengere kalatayi amalume asanafike, alira pang'ono, andiimbira kunditukwana, zitha. Pempho ndi la mapiritsi. Ndawaikira m'kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri, tsiku lililonse chipinda chake, otsala ali m'chikwama, ndipo pepala la kuchipatala lili m'thumba la m'kati la jekete. Wina aziwaona akumeza, kumaso, osati atatembenukira kuzenera. Akatsala a sabata imodzi mukatenge ena, musadikire kuti athe. Mchere muziubisa. Ndipo dzanja likadzangochitanso dzanzi, kapena pakamwa kupotoka, kapena mawu kulemera, ngakhale kwa mphindi imodzi, musadikire kuti tione mawa, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba kawiri. Za m'khosi akayamba, muzingovomera. Tapangana kuti iwo azimwa mankhwala, ine ndizitumiza muyeso wa khosi langa mwezi uliwonse. Tepi singaone kanthu, ndikudziwa, koma ngati mtengo wake ndi umenewo ndiziyeza mpaka ndidzakalambe.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya, ndanenepa, mboni ikubwera. Moni kwa alamu, kwa amayi aang'ono, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Mwana uja amafuna kudzaphunzira ntchito yangayi mumuuze ayambe pano kuyeserera kutseka pakamwa. Mlamu wanu akupereka moni, akuti madiresi ake apulumuka onse kupatula imodzi.

Atsanzika kale kawiri. Ulendo woyamba anafika pageti n'kubwerera, akuti sanabweze makina a eni ake, ndipo kubwezako kwatenga ola chifukwa anayamba kuwaphunzitsa mayiwo kuthira mafuta. Ulendo wachiwiri anabwerera kudzakopera manambala a kuchitseko m'kabuku, n'kundiletsa kufufuta. Galimoto yowatengera kudepoti yaimba belu mpaka woyendetsa wazimitsa injini. Ndikuwamva akubweranso m'khonde.

Analowa ndi malaya oyera aja, atawasita, atawapinda bwino. Anandiimiritsa, n'kundizunguliza tepi m'khosi, n'kuyeza kamodzi kokha. Kenako anandiika malayawo m'manja. Akuti iwo sawafunanso msanga, ndipo nsalu yabwino siyenera kudikira munthu m'sutikesi. Akuti kolala ija anaikulitsira chotupa, ndiye avale mwini chotupa chachikulu. Ndinati amalume, malaya a maliro? Amvekere ukavale pophunzitsa ana aja mwezi wamawa, pamenepo ndiye pa maliro ako. Anagwedeza kabokosi ka mapiritsi pafupi ndi khutu langa kuti ndimve kuti alimo, n'kukaika m'thumba, n'kutuluka.

Ndaima pazenera mpaka galimoto yakhota. Apita, achemwali. Malaya ndayesa, ndipo chondipsetsa mtima n'choti akundikwana ndendende.

Ndine mlongo wanu,
wa makina uja, khosi 16 ndi theka